Mutu 6: Kabokosi ka Pansi pa Mtovu

1. Nyumba yoyenda monyang'ama

M'chaka cha 1976, nyumba ya a Petson Sakala ku Bwacha, m'tauni ya Kabwe, inali yoyenda monyang'ama. Munthu akagwetsa supuni, onse ankatembenuka. Chifukwa chake aliyense ankachidziwa, koma panalibe wochitchula. Justina, mwana wawo woyamba, anali atabwerera kwa makolo ali ndi pakati pachitatu.

Pakati poyamba panapita padera. Pachiwiri panabadwa kamwana kakamuna. Kanalira m'mawa, koma dzuwa lisanafike pamutu kanali katazizira. Amayi achikulire a mumpingo anakakulunga m'nsalu n'kukakaika okha mwakachetechete, monga mwa mwambo. Panalibe nyimbo, panalibe dzina, ndipo Justina anauzidwa kuti asalire mokweza.

Ulendo uno mwamuna wake, Maybin, amene ankakhalira kuyenda ndi sitima, anati mkazi wake akadikirire kwa amake. Banja lonse linali ndi pemphero limodzi lokha, loti mwana uyu akhale.

Mng'ono wake wa Justina anali Lyness, mtsikana wa Fomu 3. Tsiku la kamwana kaja iye anatsekeredwa m'chipinda china, koma kulira kwake anakumva kudzera kukhoma. Kunali kulira kochepa, kosafika patali. Mpaka pano nthawi zina kunkamubwerera masanasana, ali pakati potsuka mbale.

Nzeru Lyness anali nazo, tisamunamizire. Pa sayansi anyamata ankangomuonera kumsana. Vuto lake linali limodzi: akamva theka la nkhani, theka linalo ankamalizitsa yekha.

2. Zinthu zobadwa n'kufa pomwepo

Lachitatu lina aphunzitsi a sayansi, a Amon Daka, anapachika pakhoma tchati cha timabokosi tambirimbiri.

"Chilichonse chimene mukuchiona chinamangidwa ndi timbewu tosaoneka totchedwa maatomu," anatero. "Mtundu uliwonse wa atomu ndi elementi, ndipo uli ndi kabokosi kake pano. Nambala ya kabokosi ikutiuza mapulotoni amene ali pakatikati pa atomuyo. Chitsulo ndi 26. Mtovu wathu uno wa mu Kabwe ndi 82. Yureniamu ndi 92. Mukapitirira pamenepo, musakafunefune kuthengo. Zimenezo anthu amachita kupanga."

"Kupanga bwanji, aphunzitsi?" anafunsa wina.

"Ku Amereka ndi ku Rasha kuli makina aakulu kuposa sukulu ino. Amatenga atomu yaing'ono n'kuiwombera pa yaikulu. Kambirimbiri imaphonya. Koma zikamatirirana, pamabadwa elementi yatsopano, yolemera koopsa. Tsono pakati pake pamakhala pothithikana ngati basi ya ku Kamushanga pakutha pa mwezi. Siingapirire. Imasweka ikulavula tizidutswa ndi cheza choopsa, n'kusanduka chinthu china. Ya nambala 106, imene anaipanga zaka ziwiri zapitazo, siitha ngakhale sekondi imodzi. Palibe anaionapo ndi maso. Ngakhale dzina ilibe, amangoitchula nambala."

Anzake anaseka. Lyness sanaseke. Iye ankadziwa chinthu china chimene chinabadwa n'kupita chisanapatsidwe dzina.

Anakweza dzanja. "Ngati imafa msanga chotero, khalidwe lake amalidziwa bwanji?"

"Amaonera abale ake," anayankha a Daka, akutsetsereka ndi ndodo pa tchatipo. "Mzere uliwonse wotsika pansi ndi banja limodzi, ndipo a banja limodzi amachita zinthu mofanana. Taonani pansi pa mtovu apa."

Pansi pa mtovu panali kabokosi kopanda kanthu.

"Apa padzakhala 114. Palibe waipanga, palibe waipeza. Koma akatswiri ena akawerengera, akuti imeneyi mwina siingafe msanga ngati zinzake. Mwina ingakhale zaka zambirimbiri. Ndipo popeza ndi m'bale wa mtovu, akuti ngati ilipo padziko, ingabisale m'miyala ya mtovu. Afufuzamo, koma mpaka lero sanaipeze."

"Ndiye kuti ili pa dampu pathu pa mgodi paja!" anafuula mnyamata wina kumbuyo, kalasi yonse n'kufa nako kuseka.

A Daka anagogoda tebulo. "Ndimveni bwino. Ngakhale itakhalamo, ingakhale atomu imodzi m'phiri lonse, ndipo pamafunika zipangizo zimene dziko lino lilibe. Pa chionetsero cha sayansi chikubwerachi ndikufuna zinthu zimene mungazigwire bwinobwino. Ndisamve kuti wina wapita ku dampu."

Mawu omalizawa analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Lyness maso anali pa kabokosi kaja. Pakati pa zinthu zonse zofa msanga panali chimodzi chimene mwina chingakhale, ndipo kwawo kwake kunali ku Kabwe.

3. Phiri losamera udzu

Loweruka masana ananamizira kuti akupita kukaphunzira nyimbo za kwaya. Anatenga chitini chakale cha mafuta ophikira, nadutsa m'tauni, naoloka njanji, mpaka anafika kumene mgodi unkataya zotsalira zake.

Malowo anali asanawaonepo pafupi. Linali phiri lotuwa ngati phulusa, losamera ngakhale kaudzu kamodzi. Kunalibe mbalame, kunalibe chiwala, ngakhale nyerere. Mphepo yokha ndiyo inkayendayenda, ikunyamula fumbi n'kuliimika ngati munthu, kenaka n'kuligwetsa.

M'munsi mwa phirilo munali thamanda louma, matope ake ong'ambikang'ambika. Lyness anagwada n'kuyamba kukumba ndi chigaza cha mbale. Dothilo linali losalala ngati ufa woyera, koma chitini chitangofika theka chinali kale cholemera modabwitsa. Atanyambita milomo anamva kuzuna pang'ono. Anachita mantha osadziwa chimene akuopa, ndipo pobwerera sanacheuke.

Pofika kunyumba anabisa chitinicho mumpanda wa maluwa. Koma nsapato anaiwala kupukuta.

Bambo ake anali pampando pansi pa mtengo wa mango. A Sakala anagwira ntchito pa ng'anjo yosungunulira mtovu kuyambira ali mnyamata, mpaka pamene matenda anawapumitsa ndipo banja linasamukira ku Bwacha. Anayang'ana mapazi a mwana wawo nthawi yaitali.

"Khala pansi apo," anatero. "Nsapato zako zakamba kale kumene wachokera. Fumbi limenelo ndilidziwa ngati nkhope ya amako."

Lyness anakhala pansi, mutu uli chowerama.

"Tamvera, mwana wanga. Ife tinachoka ku Katete tili anyamata a mphamvu zathu. Tinkaseka akuluakulu amene ankatiuza kuti tizisamba tisanagwire chakudya. Mtovu si njoka, yoti yakuluma lero mawa maliro. Ulowa mwaulemu ngati mlendo. Pakamwa uzuna. Kenaka m'mimba muyamba kupota, mutu uwawa, ukalipira ana popanda chifukwa. Tsiku lina udzuka m'mawa, dzanja lakana kudzuka nawe."

Anakweza mkono wamanja. Dzanja linangolendewera pamfundo ngati tsamba lofota.

"Ili ndi dzanja limene linkaponya thumba la chimanga pa lole. Lomba batani la shati andimangira amako. Ku komboni ya mgodi tinkaweta agalu, koma galu wokalamba sindinamuonepo. Nkhuku zinkazungulira ngati zamwa kachasu n'kugwa. Tinkati ndi ufiti wa aneba, mpaka kudana ndi anthu osalakwa. Mnzanga Sailas, amene tinkaimba naye besi kutchalitchi, anayamba kuona anthu akuyenda pakhoma dzuwa likuswa mtengo. Anafa akukuwa maina a anthu amene sitinawadziwe.

"Ndipo umvetse ichi. Munthu wamkulu mtovu umupinda chabe, koma kamwana umathyola. Dothi la kumeneko lisalowe pakhomo pano. Makamaka chaka chino."

Sanaloze kuchipinda kumene Justina ankapumula. Panalibe chifukwa cholozera.

"Ninapita chabe pamseu, atate," anatero Lyness. "Sininatenge kanthu."

"Chabwino. Kasambe."

4. Kumene bambo salowa

Akanafuna, akanakataya chitinicho tsiku lomwelo. Koma paja amati ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Lyness anaganiza kuti bambo ake ankanena za kupuma fumbi la pa ng'anjo. Lake linali dothi, ndipo akanalinyowetsa kuti lisauluke. Nanga dothi ndani angadye?

Nzeru yake inali iyi: ngati 114 ndi yolemera kuposa mtovu, ndiye kuti m'madzi iyenera kutsikira pansi penipeni. Tsono anthu akatangwanika, iye ankathira dothi lija m'beseni kuseri kwa bafa, n'kuvundula, n'kukhuthula zapamwamba, n'kusunga zapansi. Ankabwereza mpaka kutsala phala losalala. Phalalo analiumba timibulu tating'ono ngati zitumbuwa, toti akationetse kusukulu.

Chinatsala ndi poumitsira. Padenga bambo akanaona. Pansi pa bedi sitikanauma. Malo amodzi okha pakhomopo ndiwo a Sakala sankapondako, monga mwamuna aliyense wa msinkhu wawo: kakhitchini ka malata ka kuseri kwa nyumba. Lyness anayala timibulu take pathabwa la pamwamba pa mbaula, kuseri kwa mapoto, n'kuvundikira ndi lichero lakale. Kutentha kwa makala kunatiumitsa gwa, utsi n'kutipaka kamtundu kofiirira.

Anadziyamikira kuti wachenjera. Chimene sanaganize n'chakuti kumene bambo salowa n'kumene amayi amakhala tsiku lonse.

Pamsika wa Bwacha pankakhala azimayi ogulitsa timibulu ta dothi lowamba pamoto. Lyness anawadutsa kambirimbiri, koma sanafunsepo kuti ogula ndani. Za apakati mtsikana wa sukulu sauzidwa, ndipo akafunsa amamutcha wamwano.

5. Mphatso imene sanapereke

Panapita sabata ndi masiku. Tsiku loti mawa lake akapereka ntchito yake kwa a Daka, Lyness anaweruka msanga. Amayi ake anali atapita ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi. Justina anali pamphasa pakhomo la khitchini akutongola mtedza, nkhope itatuwa.

Lyness analowa, navundukula lichero. Thabwa limene analidzaza linali ndi timibulu titatu tokha.

Anasuntha mapoto. Anayang'ana pansi. Akuti atembenuke, anapeza mkulu wake akumwetulira mwamanyazi.

"Usakila dothi?" anatero Justina monong'ona. "Usakalipe, mng'ono wanga. Nadya maningi, nidziwa."

"Mwachita bwanji, a sisi?"

"Iwe ndiwe mwana wabwino, Lyness. Sunakambe na kukamba, unangoniikila pamene nizapeza neka. Amama anikaniza, anesi a ku kiliniki naonso akalipa. Koma njala yake siungaidziwe iwe. Nikangomvela fungo ya mvula, mate adzala m'kamwa, ningalile na kulila. Manje tsiku lija napeza pathabwa, n'nati Mulungu adalitse mwana uyu." Anaseka pang'ono. "Ija ya ku maliketi ni yowawasa. Iyi yako izuna. Ugula kuti?"

Lyness anagwira chitseko.

"Munayamba liti kudya?"

"Tsiku yamene unaika. Tuwili m'mawa, kamodzi m'madzulo."

"Manje mumvela bwanji m'thupi?"

"Ah, m'mimba mupota chabe, na mutu uwawa. Ni vamene vichitika, siungamvetse." Kenaka Justina anamugwira chitenje. "Koma usauze amama, wamvela? Ni nkhani ya ise tiwili."

Lyness anatenga timibulu titatu tija n'kutuluka.

Kumapeto kwa bwalo kunali dzenje la zinyalala. Anaima m'mphepete mwake. Dzuwa linali likadali pamwamba, ana a aneba akusewera mpira wa mapepala pamseu.

Nkhani inali yosavuta kuikwirira. Akanaponya timibuluto m'dzenje, n'kukankhirapo phulusa, basi. Justina sakanaulula, poti nayenso ankadziona wolakwa. Ndipo zinthu zikanavuta, ndani akanadabwa? Anthu akanangoti ndi tsoka la Justina lomwe lija. Palibe akanaloza Lyness chala mpaka kalekale.

Anatambasula dzanja pamwamba pa dzenjelo.

Pomwepo kulira kuja kunamubwerera, kochepa, kosafika patali, ngati kukuchokera kuseri kwa khoma. Anatembenuka. Panalibe khanda paliponse. Panali matewera a aneba okha akuuluzika pachingwe.

Anabweza dzanja lake.

6. Pansi pa mtengo wa mango

Nkhani ya mimba ya mkulu wake mtsikana sakamba ndi bambo ake. Imadzera kwa amayi, ndipo amayiwo ndiwo amasankha mawu. Koma amayi kunalibe, ndipo kudikira kunali kupha nthawi imene sinali yake.

A Sakala anali pampando wawo, wailesi ikulira motsitsa. Lyness anagwada patsogolo pawo, naika timibulu tija pansi pafupi ndi mapazi awo.

"Atate, n'nakunamizani. Ku dampu n'napita, na dothi n'nabweletsa. Ni iyi."

Bambowo anazimitsa wailesi.

"N'naumba tambili. N'nabisa m'khichini kuti imwe musaone." Analoza timibulu tija. "A sisi anayesa ni dothi ija ya ku maliketi. Akhala akudya."

Lyness anadikira khofi. Akanalilandira ndi manja awiri. Koma a Sakala anangotola kambulu kamodzi ndi dzanja lamanzere, nakayesa kulemera kwake, nakanunkhiza. Mwana wawo anali asanawaonepo akuchita mantha, ndipo zimenezi zinamupweteka kuposa chikwapu.

"Tambiri bwanji?"

"Thabwa yonse inadzala. Tatsala utu."

"Mayo ine," anatero bambowo chapansipansi. Kenaka anapitiriza. "Ndinakuuza za agalu, ndinakuuza za Sailas, ndinakuonetsa dzanja langa. Ndinayesa ndakamba ndi munthu. Ukanandifunsa kuti atate, nanga likakhala lonyowa, ndikanakuyankha. Ukanauza amako kuti pathabwa pali chakuti, akanachotsa. Dothi lokha silikanafika m'kamwa mwa mkulu wako. Chalifikitsa ndi kubisa kwako. Kulira usalire tsopano, nthawi yake ilipo. Manga utu m'kansalu. Tipita kuchipatala, ndipo adokotala ukawauza wekha kumene unakumba, ndi mmene unasukira, osasiyako kanthu."

Anadzuka naitana, "Justina! Tenga chitenje, tuluka."

Justina anabwera akukutumula makoko a mtedza. Ataona timibulu pansi, anayang'ana mng'ono wake ndi diso lodandaula. "Ah, Lyness, waulula?"

"Si ya ku maliketi, a sisi," anatero Lyness, misozi ili chuchuchu. "Sin'nakugulileni. Ni ya ku dampu ya mgodi. Ni mtovu."

Justina anakulira ku komboni ya mgodi. Nkhuku zozungulira zija anaziona ndi maso ake, choncho sanafunikire womumasulira. Sanakuwe, sanatukwane. Anangokhala pansi pang'onopang'ono, pafumbi pomwepo, manja onse awiri ali pamimba.

A Sakala anathamangira kwa aneba amene anali ndi kagalimoto konyamulira makala. Lyness anali asanawaonepo akuthamanga. Dzanja lawo lodwala linkangopukusika m'mbali, ndipo ana a pamseu anasiya mpira n'kumawayang'ana.

Pabwalo panatsala awiri.

"A sisi, nikhululukileni. Nimenyeni, chonde. Kambani kanthu."

Justina sanamuyang'ane. Maso ake anali patali, ngati munthu amene akumvetsera mapazi a mlendo kunja. Kenaka anagwira dzanja la mng'ono wake, naliika pamimba pake, nalikanikiza ndi lake.

"Khala zii," anatero. "Mwina iwe uzamvela. Uyu mwana amavuta maningi masana, amanimenya mpaka nikalipa. Manje kuyambila dzulo sananimenye."

Kwa aneba injini inakhosomola, inazima, inakhosomolanso. Lyness anakanikiza chikhato chake, nasunthira kumanzere, nasunthira kumanja.

"Wamvela?" anafunsa Justina. "Lyness, usaniname. Wamvela?"